Chala Chong'aluka

Anabwera Lachiwiri, chifunga chisanachoke m'mapiri a Tsangano:
galimoto yoyera, matayala ofiira ndi katondo,
makatoni atatu, ndi mtsikana wa jekete lobiriwira.
Akuti ndi Mwandida. Akuti kuyambira lero
odwala tiziwalemba pa galasi.

Ine zaka makumi awiri ndi zisanu
ndili pa zenera lomweli,
cholembera chomangirira ulusi kuopa a manja aatali.
Mabuku anga a kaundula ali m'kabati, misana yothothoka.
Lina linanyowa chaka chimene denga linasasuka,
lina makoswe anadyamo Malichi yense.
Koma ndi anga.

"Khudzani apa, bambo Chidzanja."
Ndinakhudza. Zii.
Ndinakhudzanso. Galasi silikundidziwa.
Chala changa chinang'aluka ndi chisanu cha Juni
ndi kukumba mbatatesi Loweruka;
makinawa afuna khungu losalala la ana a sukulu.
Mlonda sanaseke, koma ndinaona mapewa ake.

Kenaka mafunso ake aja:
dzina loyamba, dzina la bambo, tsiku lobadwa.
Patsogolo panga paima a Nangozo,
obadwa chaka cha dzombe,
amene dzina lawo la paubwana
amuna awo analowa m'manda osalitchulapo.
Kabokosi kafiira, kakana kupitirira.
Mzere wafika pa mtengo wa pichesi.

Ndiye ndinayamba kuzemba.
Masana galasi, madzulo kaundula,
kulemba kawiri ngati mwamuna wa mitala,
uku ndi uku kulumbira kuti ndiwe wekha.

A Sisita Mlangeni anandipeza ndili pa nyali.
Sanakalipe.
Anakhala pa benchi ya odwala, navula nsapato.
"Nanenso chimandiopsa," anatero.
"Koma lipoti la pamwezi limandidyera masiku anayi,
amayi akubuula okha ku chipinda chochirira.
Bukulo musataye. Tionenso mvula ikagwa."

Pa msonkhano wa Lachisanu ndinaimirira, mawu akunjenjemera,
ndinanena za a Nangozo.
Mwandida sanatsutse, anangolemba.
Patatha milungu itatu galasi linali litaphunzira:
pali polemba chiwongo,
pali polemba chaka chongoyerekeza.
Kani nalonso limamva likauzidwa!
Anandibweretseranso kamtengo ka mphira kunsonga;
ndinakamangirira pa ulusi womwe uja.

Mvula inagwa.
M'mawa wina mayi wa kutsidya kwa malire anafika wefuwefu,
mwana kumbuyo akutentha ngati mbaula,
buku la kuchipatala litatsala m'nyumba yogumuka.
Ndinagogoda dzina.
Galasi linati: uyu bakitirimu ayi,
anatupa naye thupi lonse mu Ogasiti.
Ine ndinali nditaiwala. Ndivomere.
Ndikanavundula kabati mpaka dzuwa kupendeka.

Sikuti zonse zayera.
Mitambo ikaphimba sola, batire limafa nthawi ya tiyi isanakwane.
Netiweki imathawira ku Mozambiki
n'kubwerako ndi moni wa Chipwitikizi.
Pamenepo ndimatsegula kabati,
Fatsani, mnyamata watsopano, amakoka mpando,
ndimamuonetsa kudula mizere ndi rula,
ndi china chimene sichili m'makatoni aja:
wobwera atazyolika, chitenje chili kumutu,
usamufunse mokweza chimene wadzera.
Iye amandionetsa pobisala manambala a mankhwala otsala.
Tsiku lina timakangana. Tsiku lina timagawana chimanga chootcha.

Dzulo a Nangozo anabweranso ndi bondo lawo lija.
Anasuzumira pa zenera:
"Kodi a Chidzanja, akuti ine ndili m'menemo?"
Ndinawatembenuzira galasi.
Anayang'ana nthawi yaitali, iwo osadziwa ngakhale chilembo chimodzi,
napukuta pakona ndi nsonga ya mpango
pamene panali fumbi.
"Chabwino," anatero. "Musandizimitse.
Nanga bondoli, mwalilembamo kuti silikusintha?"